Kansalu ka a Sisitere

Lachinayi madzulo. Tsiku lafumbi, mutu waima.

Kompyuta ya ku parishi yazimanso ndisanamalize kutayipa ndondomeko ya ukwati wa Loweruka, chonsecho Abambo Mfumu akuifuna mawa. A katekisiti akuti ndi ziwanda. Ine ndatsegula pomwe makinawa amadzilembera okha zowachitikira, ndimve madandaulo awo. Tsiku lililonse nkhani ndi imodzi: kutentha, kenaka kuzima.

Posuzumira kunsi kwa tebulo, ndapeza bokosi lake lafunditsidwa kansalu kokongola, timabowo topumira tonse tatsekeka.

"Ndinaluka ndine, mwana wanga. Fumbi la ku Dowa lilibe chisoni," atero a Sisitere a pa parishi pano ataima pambuyo panga, akumwetulira.

Ndayamikira malukidwewo. Ku yunivesite anatiphunzitsa kupeza vuto, koma kuchotsa kansalu ka a Sisitere eni ake akuona, phunziro limenelo sitinafikepo. Mwina mawa, akalowa m'tchalitchi...