Kompyuta ikufuna kudziwa kumene achimwene amapita

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi pa nthawi ya nkhomaliro, kompyuta nditaifulatira, chifukwa masiku ano sindifuna kuti izindiyang'ana. Musandiseke.

Ndine kalaliki pa nthambi ya Dedza ya kampani ina ya masitolo, ya aja ali ndi sitolo m'boma lililonse. Chaka chatha eni ake anaganiza zokonza masitolo onse kuti azifanana: mashelefu atsopano, penti imodzi, mosungira katundu mwabwino. Kuti aliyense asamayendetse ntchitoyi mwa iye yekha, anagula makompyuta n'kuikamo pulogalamu imodzi m'nthambi zonse, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Ine ananditumiza ku Lilongwe kukaphunzira. Ndinabwerako ndikudzimva, sindikana.

Mmene imayendera ndi motere. Ntchito iliyonse ili ndi mzere wake, dzina la woigwira, tsiku loyamba ndi lomaliza. Munthu akajomba, mzere wake umaduka, ndipo pamatuluka kabokosi kofunsa chifukwa. Zonsezo ndimaziika m'disiketi, imapita kulikulu pa galimoto ya katundu, kenako imabwerera ataphatikizamo za nthambi zina, moti wa ku Mzimba amatha kuwerenga zimene wa ku Dedza anachita Lachiwiri.

Wokhoma mashelefu kuno kuboma, ku Lobi ndi kwa Kaphuka ndi achimwene anga enieni, a Bonifasio. Ntchitoyi ndinawapezera ndine. Ine ndinakulira kusukulu ya masisitere, iwo kwa amalume kumudzi. Kale akasowa tsiku, bwana wathu a Dziwani ankangoti, "Zakumudzi," nkhani n'kuthera pomwepo. A Dziwani ndi a konkuno, amadziwa zosayenera kufunsa. Koma kompyutayi si ya konkuno ayi.

Likulu linalamula kuti mizere ija tiziisindikiza n'kumata pakhoma, ife tinamata pafupi ndi kauntala. Pa pepalapo mzere wa achimwene unali ndi mipata ngati m'kamwa mogululuka mano. Tsiku lina Agnesi, mnzanga wogulitsa pakauntala, amene pakamwa pake sipapuma, anayamba kuulondola ndi chala. "Apa ndi tsiku lija kunali chiliza ku Lobi. Apa maliro aja a kwa Kaphuka. Apa..." Anayamba akuseka, koma anangolekeza panjira. Malo onsewo kunatuluka gule wamkulu, ndipo konseko anthu ankasimba za Kapoli wina wovina moimitsa tsitsi. M'sitolo munali amayi odzagula mchere ndi sopo. Onse anangoyamba kutuluka mmodzimmodzi, wina kuiwala ndi sopo yemwe.

Aphungu, inu mukudziwa kuti gule si munthu, ndi chilombo. Mkazi ngati ine sindiyenera ngakhale kuganiza kuti pansi pa nthenga zija za Kapoli pali mwana wa munthu. Koma ndaganiza kale, nanga ndizichotsa bwanji m'mutu?

M'mawa mwake ndinapeza nthenga yakuda itaima chilili pakati pa mabatani a kompyuta. Ofesiyo imagona yokhoma, ndipo makiyi ali ndi ine ndi a Dziwani basi.

Sabata yatha ndiye zinandikulira. Chifunga cha kuphiri chinatsika mpaka mumsewu masanasana. Nditasuzumira pazenera, ndinaona Kapoli ataima kutsidya kwa msewu, paja amagulitsa kachewere. Kunalibe ng'oma, kunalibe amayi oimba, ndipo sankathamangitsa mwana aliyense. Anangoima njo, thupi lonse matope, nthenga za kumutu zitaloza kuzenera langa. Ndinagwetsa maso kuti ndisaone kumutuko, ndiye ndinaona mapazi. Phazi lamanzere linalibe chala chaching'ono. Achimwene anadzidula chala chomwecho ndi khasu tili ana, ndipo amene anathamanga kukaitana amayi ndine.

Ndinatembenuka kuti ndikuwe. Kumbuyo kwanga, m'chipinda momwemo, achimwene anali atagwada akukhoma shelefu, misomali ili pakamwa. Ndinati, "Achimwene, taonani panja." Iwo osadzutsa n'komwe mutu, analavulira misomali m'dzanja nati, "Monika, panjapo palibe chako. Yang'ana makina akowo." Nditasuzumiranso, panali chifunga chokhachokha.

Tsopano likulu lalemba kuti mpata uliwonse wa a Bonifasio ukhale ndi chifukwa mwezi uno usanathe, apo ayi awachotsa ntchito. Ndikasankha matenda, akufuna pepala la kuchipatala. Ndikasankha maliro, akufuna dzina la malemu ndi ubale wake. Kwatsala pomwe panalembedwa kuti "zina", pofotokoza ndi mawu anga. Nditawadandaulira a Dziwani, anangoti, "Makinawo munaphunzira ndinu, mayi," n'kutuluka.

Ndikalemba zoona, ndaulula mwambo ku dziko lonse, ndipo ndikuopa. Ndikasiya posalemba, ana a achimwene avutika chifukwa cha makina amene ndinawalandira ndi manja awiri. Kunama sindifuna. Ndithandizeni, mutu waima.

M.Z., Dedza

Mayi M.Z.,

Sindikukusekani. Koma musanapitirize kuwerenga, dzukani kamatuleni pepala lija pakauntala. Likulu linati limatidwe pakhoma, ndiye kuseri kwa chitseko cha ofesi yanu nakonso kuli khoma. Odzagula sopo alibe gawo pa masiku a achimwene anu. Agnesi mumuuze kuti chala chake chizilondola mitengo ya katundu.

Tsopano tikambe. Mukuti mukuopa kulemba zoona. Zoona zake ziti? Mukudziwa kuti masiku ena achimwene anu sanabwere kuntchito. Mukudziwa kuti masiku omwewo kwina kunali gule. Pakati pa ziwirizi mwamangapo ulalo nokha, kompyuta sinanene zimenezo. Ndipo tsiku limodzi lokha limene munachiona chilombocho ndi maso anu, a Bonifasio anali kumbuyo kwanu, misomali ili pakamwa. Ndiye mukudziwa chiyani, mayi? Palibe. Khalani pomwepo, m'pabwino.

M'kabokosimo lembani zimene mungalumbirire kutchalitchi osagwetsa nkhope: "Anaitanidwa ndi akuluakulu a kumudzi." Si bodza, komanso simunaulule kanthu. Pansi pake asainire a Dziwani. Bwana ndi iwo, asabisale kumbuyo kwa chitenje chanu. Kale ankatha kunena kuti "zakumudzi" ndi pakamwa, lero anene ndi cholembera. Muwapemphenso alembere likulu kuti chifukwa chimenechi chiikidwe m'pulogalamumo pa nthambi zonse. Si Dedza yokha ili ndi miyambo yoitana munthu, ndipo ndikukhulupirira kuti kwinaku kuli akalaliki ena akusowa mtendere ngati inu. Kampani ikufuna mashelefu athe pa nthawi yake, sikufuna kudziwa za kudambwe.

Achimwene anunso ali ndi mbali yawo. Musawafunse kumene amapita, olo pang'ono. Pitani kwa amalume aja anawalera, mukanene chinthu chimodzi chokha: ntchito ya mphwawo ili pachiswe. Chiliza sichidzidzimutsa munthu, ndiye a Bonifasio azineneratu kuti masikuwo muwaike m'makina mzere usanaduke. Za mwadzidzidzi azibwezera Loweruka. Masiku ano ntchito ndi yosowa, asaisewerese.

Musapite kwa aliyense kukapepesa, chifukwa wopepesa ndiye kuti akuvomera kuti pali chimene waona. Nthenga ija musaitenthe, musapite nayo kwa sing'anga, musaionetse anzanu a kwaya. Ikulungeni m'kansalu, mukaisiye pa mphasa ya amalume, musanene kanthu. Nawonso sakanena kanthu. Mukapemphere monga mwa masiku onse, chikhulupiriro chanu palibe wachikhudza.

Mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti anaima kutsidya kwa msewu uja anali ndani. Ine mchombo wanga unagwera chakomweko, ku Lobi, ndipo funso limenelo sindiyankha, kaya m'nyuzipepala kaya pamaso.

Chenjezo langa ndi ili. Chifunga chikadzatsikanso, inu n'kuona chinthu chitaima paja pa kachewere, musakuwe, musaitane munthu, ndipo musadzayang'anenso mapazi. Ulendo woyamba chinabwera kudzakuonetsani kuti achimwene anu ali m'nyumba. Chikadzabwera kachiwiri, nkhani yake sidzakhalanso ya achimwene anu.

Aphungu