Mzere Wofiira

Lolemba, 10 Juni

Makompyuta atsopano m'labu ya sukulu yathu ya za mano: 12. Oyaka: 11.
Mitu ya pulasitiki yophunzirirapo kubowola mano: 12.
Aphunzitsi oitanidwa ku maphunziro: 9. Obwera: 6.
Zaka za asanu ndi mmodzife kuphatikiza: 331. Zanga zokha: 68.

Wotiphunzitsa ndi Magalasi, mwana amene ndinamugwiritsa ndekha chobowolera koyamba. Lero iye kutsogolo, ine pa benchi. Akuti kompyuta imatsata chobowolera n'kujambula mzere wa mmene dzanja layendera. Wobiriwira ndiye kuti zili bwino, wofiira ndiye kuti wapyola malire. Ophunzira azidzionera okha zolakwa ife tisanafike. Mnzathu wina, dokotala wa ana, anati, "Ndiye ife ntchito yathu ikhala yoyatsa ndi kuzimitsa, eti?" Anaseka anthu asanu. Ine ndimawerenga mabatani.

Lachiwiri, 11 Juni

Aliyense wabowola dzino limodzi lachibwano. Kuya kofunika: milimita imodzi ndi theka. Langa ndendende. Koma m'mbali mzere wangoti khotekhote ngati njira ya nyerere, wofiira malo 7.

Magalasi anayang'ana, n'kunena msangamsanga kuti, "Makinawa akakhala atsopano amavuta, Mayi." Amauza khoma, osati ine. Kenaka dokotala wa ana anakhala pa makina omwewo. Wofiira: 0.

Lachitatu, 12 Juni

Anzanga atapita kukadya ndinabwerera m'labu ndekha. Mano asanu, makina atatu osiyana. Wofiira: 6, 8, 5, 9, 7. Makina atatu sanganame bodza limodzi.

Lachisanu ndiyenera kumata dzino la wodwala weniweni, ophunzira 14 a chaka chomaliza akuonerera. Ndaona chithunzi chake. Labowoka mpaka kutsala milimita imodzi kuti lifike pa mtsempha. Dzanja likangoterereka, dzino lafa.

Madzulo anaimba mwana wanga wamkazi. Ndinamuuza mozungulira. Iye sanazungulire.
"Amayi, mukamatakasa tiyi supuni imalira m'kapu. Tinayamba kumva kalekale."
"Nanga osanena bwanji?"
"Mukanatifunsa kuti imalira kangati."

Lachinayi, 13 Juni

Imaliradi.

Lachisanu, 14 Juni

Wodwalayo ndi telala, bambo wamantha koma wolongolola. Magalasi analumikiza kamera yaing'ono ya m'kamwa, dzino n'kuoneka pa sikirini lalikulu ngati mtondo. Ndinavala magolovesi. Ndinanyamula chobowolera. Nsonga yake imagwedera pang'ono, mwina palibe anaona. Ine ndinaona.

Ndinachiika pansi n'kuitana Wamanzere, wophunzira wamkazi wosayankhulayankhula amene mizere yake yonse ya sabata ino yatuluka yobiriwira.
"Ine, Mayi?"
"Pali Wamanzere wina muno?"

Telala anadzutsa mutu. "Adokotala, mwanayu akufuna kuphunzirira pa ine? Inetu wophunzira ndimamupatsa zigamba, osati nsalu ya suti."
"Dzanja likhala lake, bambo, koma maso ndi anga. Tsegulani."

Wamanzere anabaya jakisoni yekha. Ndinakoka mpando kukakhala pa sikirini, manja pa miyendo. Zaka zonsezi ndakhala ndikusuzumira m'kamwa mwa anthu ndi kagalasi konga ndalama yachitsulo, sindinaonepo malire a chowola ndi chabwino bwinobwino chonchi. Atayamba kubowola, malo akuda anatha, n'kubwera abulauni, kenaka achikasu.

"Ima."
Anaima. Anatsuka, tinayang'ana tonse 16.
"Kumanja pang'ono. Basi. Ima."

Pansi pa bowo panali pouma, popanda kadontho ka magazi. Wamanzere anamata, thukuta lili kamukamu. Telala anagogoda dzino ndi chala, n'kumuuza kuti adzabwere ndi nsalu.

Potuluka Magalasi anafunsa ngati Lolemba andisungire makina. Ndinati andisungire mpando wa pa sikirini, ndipo aukweze pang'ono, msana.

Wodwala: 1.
Dzino lamoyo: 1.
"Ima" wanga: 2.
Mabowo a dzanja langa: 0.

Ndine,
Mayi Mamilimita (ophunzira akuganiza kuti dzinali sindilidziwa)