Telala wanditsutsa pagulu, ndipo akunena zoona

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 67, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kwa zaka 29, moti anthu kuno akamatsutsana za chaka chimene mlatho unamangidwa amangoti, "Tiyeni tikafunse aphunzitsi." Ndisabise, zimenezi zinkandikomera.

Chaka chino laibulale yathu inayambitsa zokambirana za mbiri ya dera lino. Loweruka lililonse masana amakankhira mashelefu kukhoma n'kuika mabenchi, ndipo aliyense amabwera ndi chimene ali nacho: zithunzi, makalata akale, kapena pakamwa pake pokha. Mumakhala madalaivala, amayi amumsika, anamwino ndi akuluakulu oyendera ndodo. Sindinaonepo kalasi yokoma chonchi. Mulibe belu, koma mulibenso wowodzera.

Mwezi watha mkulu wa laibulale anandipempha kuti ndifotokoze mmene fakitale ya nsalu inabwerera kuno. Ndinavala jekete n'kunyamula lipoti lakale limene ndinkaphunzitsira. Ndinanena zimene ndakhala ndikunena moyo wanga wonse: kuti mabanja amene ankakhala pamalo pamene anaimangapo anasamuka mwa kufuna kwawo, ndipo kumalo atsopano anakapeza mipopi ya madzi ikuwadikira.

Kumbuyo kunakwera dzanja. Anali mayi osoka zovala amene makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo. Tonse timangowatchula kuti Mayi Telala. Anati, "Pepani aphunzitsi, kodi inuyo munalipo?" Ndinati ayi, koma zinalembedwa. Iwo anati, "Ine ndinalipo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Malole anafika m'mawa, mayi anga akuchapa. Anatipatsa ola limodzi. Bambo anazula chitseko cha nyumba n'kuchikweza palole. Kumene anakatitsitsa kunali tchire lokhalokha, ndipo mpopi tinauona patatha zaka zinayi. Manda a mlongo wanga ali pansi pa malo oimikapo magalimoto a fakitale."

M'malo mokhala chete, ine ndinati, "Mayi, inu munali mwana. Lipotili analemba ndi anthu ophunzira."

Kenako mkulu wina, mlonda wa pabanki, anaimirira n'kunena kuti, "Ine ndinali pa lole yachiwiri." Anaimirira wina, winanso, mpaka anakwana asanu ndi mmodzi.

Loweruka lotsatira Mayi Telala anabwera akukankha wilibala, m'menemo muli chitseko chija. Pachitsekopo pakuonekabe nambala 47 ya penti yofiira, imene ankalemba panyumba zoti zigwetsedwe. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Analankhula theka la ola opanda pepala, kutchula mabanja mmene nyumba zawo zinayandikanirana. Ena analira. Tonse tinaseka atafotokoza za mbuzi yawo imene inathawa katatu kubwerera kumabwinja. Ine ndili pabenchi yakumbuyo, mumtima ndinati mayi awa ndi mphunzitsi kuposa ine.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Mwana wawo wamkazi ndinamuphunzitsa ndine. Pamayeso ena analemba kuti "anthu anathamangitsidwa", ine ndinakhwatcha ndi cholembera chofiira n'kulembapo "anasamuka". Sanadandaule. Anangopinda pepalalo n'kuliika m'thumba.

Tsopano mkulu wa laibulale akufuna kuti ine ndi Mayi Telala tilembe limodzi kabuku ka m'masukulu. Koma ine ndasiya kupita kuzokambiranazo, ndipo popita kumsika ndimazungulira kuseri kwa sitolo ija. Thalauza langa lili kwa iwo milungu itatu tsopano, loti aike zipi. Akazi anga amangondiseka, amvekere, "Bambo a ana, ndiye muzivala lipoti lanu lomwelo." Mwana wanga wamwamuna akuti, "Adadi, ingochokanimoni mwakachetechete. Mukapepesa pagulu, anthu adzati zonse zimene munaphunzitsa zinali zabodza."

Aphungu, nditani? Ndichoke, kapena ndikaime pamaso pa anthu amene ndinawaphunzitsa n'kuvomera kuti ndinalakwa?

B.K.C., mphunzitsi wopuma

A B.K.C.,

Musachoke. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndasilira anthu awiri. Oyamba ndi Mayi Telala, amene anasunga chitseko zaka zonsezi kudikira tsiku loti wina adzawafunse. Achiwiri ndinu. Akuluakulu ambiri akatsutsidwa amafunafuna chilema pa wowatsutsayo, pamene inu mwandilembera kalata yodzaza ndi kuwatama mayiwa. Munthu wotero sayenera kumadutsa kuseri kwa sitolo.

Mawa m'mawa pitani mukatenge thalauza lanu. Musatume munthu. Mukafika pemphani mpando, ndipo munene mwachidule kuti, "Mayi, tsiku lija ndinakunyozani pagulu. Munanena zoona. Ndikhululukireni." Osawonjezerapo "koma". Kuphunzitsa zolakwika kwa zaka 29 munachita mosadziwa, poti lipoti ndi limene munali nalo. Koma mawu aja oti "anthu ophunzira" anachokera kwa inu, ndipo ndi amene akufunika kupepesedwa.

Muli pomwepo, afunseni za mwana wawo, ndipo mupemphe kuti mulankhule naye. Musaganize kuti anaiwala. Mwana akauzidwa kusukulu kuti zimene mayi ake anamuuza si zoona, zimakhala mumtima nthawi yaitali. Mukamuuze kuti yankho lake linali lokhoza. Mwina adzaseka, mwina sadzayankha kanthu. Zonsezo muzilandire.

Za kupepesa pagulu, inde, pepesani, chifukwa munawachititsa manyazi pagulu pomwepo. Koma yambani mwawafunsa Mayi Telala ngati angakonde zimenezo, pakuti ena safuna kuti nkhani yawo idzutsidwenso pamaso pa anthu. Mwana wanu akuopa kuti ulemu wanu utha. Muuzeni kuti anthu anaona kale zimene zinachitika. Chimene sanaone ndi zimene muchite tsopano.

Kabukuko lembani. Lipoti lanu musalitaye, nalonso ndi umboni. Liikeni pambali pa chitseko chija, anthu adzifunse okha kuti analilemba ndani, ankalembera yani, nanga n'chifukwa chiyani mipopi ili papepala koma kutchire kunalibe. Ntchito imeneyo mumaidziwa ndinu, ndipo n'chifukwa chake mkulu wa laibulale akukufunani nonse awiri. Mayi Telala akamafotokoza, lembani mawu awo mmene akuwanenera. Osawakonza kuti amveke a kusukulu. Mukatha muwawerengere, ndipo pamene anganene kuti "sindinatero", fufutani. Pachikuto dzina lawo likhale loyamba.

Kumbukiraninso kuti anaimirira anthu asanu ndi mmodzi. Ayendereni onse, kuyambira mlonda uja. Fufuzaninso amene anagwira ntchito m'fakitalemo n'kulerera ana awo momwemo, chifukwa nawonso ali ndi mbali yawo. Musachoke pokhulupirira pepala limodzi n'kupita pokhulupirira pakamwa pamodzi.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Aphunzitsi mukaimirira kutsogolo simudziwa kukhala pansi, ndipo kupepesa nakonso kumakoma anthu akayamba kuwomba m'manja. Mukayamba kufotokoza mmene mtima wakuwawirani, anthu adzatuluka akukamba za kudzichepetsa kwanu, n'kuiwalanso mabanja aja. Choncho musapitirire mphindi ziwiri. Nenani kuti munalakwa, tchulani amene ananena zoona, kenako khalani pansi mumvetsere.

Aphungu