Mabowo awiri pa chitsulo cha Barnaba

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Ine kuno ku Monkey Bay ndili bwino. Ntchito yowotcherera zitsulo za sitima ikuyendabe, kungoti maso ayamba kufuna magalasi. Ndachedwa kukulemberani. Chimwalirire mpongozi wanu Esitere, dzanja langa silinkafuna cholembera. Ndikhulupirira kuti munamulandira bwino, ndipo wakuuzani kale zambiri. Koma za sabata yathayi sakuzidziwa, choncho muitaneni akhale pafupi, mumvere limodzi.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka mwana wamkazi ku Lungwena, mphuno yake ndi yanu yomwe ija. Chinangwa cha m'munda mwanu chachita bwino, ngakhale anyani atengako gawo lawo osapempha. Mtengo wa mango wa pakhomo panu unagwetsera nthambi pa denga la khitchini, koma sunapweteke munthu.

Tsopano za mwana wanga Barnaba. Munamusiya ali pasukulu, lero ndi msilikali. Chaka chatha anawatumiza kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kukalondera njanji. Nkhani imeneyi kuno sitiikamba pamsika kapena m'basi, mukudziwa mmene makutu achulukira. Kwa inu ndingalembe momasuka, poti kalata iyi siidutsa ku positi.

Atatiuza kuti akupita, ndinasowa chochita ndi manja anga. Ndinapempha kapitawo wathu chidutswa cha chitsulo chotsala pokonza mimba ya sitima. Ndinachidula molingana ndi chifuwa cha mnyamatayo, n'kuchipinda pang'ono, n'kusalaza m'mbali kuti chisamucheke. Esitere, ali wodwala kale, anachisokera thumba ndi nsalu ya thanga lakale la bwato la atate, n'kuikako zingwe zomangira kumsana. Barnaba atachinyamula anaseka, ine n'kukumbukira zimene munkanena, kuti chilichonse chimene Filipo wapanga chimafuna anthu awiri onyamula. Komabe anachitenga. Amayi ake anamwalira iye ali komweko, maliro sanawaone.

Loweruka nditaweruka masana ndinapeza Abiti Saidi, anansi athu, ataima pakhomo panga ndi chikwama chobiriwira. Anati lole ya asilikali inaima, mmodzi anatsitsa chikwamacho, nati n'cha kwa a Filipo, basi n'kumapita. Ndinawafunsa ngati ananenanso china.

"Che Filipo, ine ndizifunsa msilikali mafunso? Ndili ndi mitu ingati?"

Koma sanachoke pakhomopo. Tonse tinaonapo makomo ena kumene chikwama chinafika chokha, ndipo tikudziwa chimene chinatsatira.

Ndinachitsegula pakhonde pomwepo. Pansi pa malaya panali thumba la Esitere lija, lothimbirira ndi madontho ofiirira. Nditasolola chitsulo ndinaona dzuwa likudutsa pa mabowo awiri, cha kumanzere, pamtima penipeni. Sindinalire, Amayi. Ndinangokhala pansi, chitsulo chili pamiyendo. Abiti Saidi ndiwo analira, ndipo kulira kwawo kunadzutsa mzere wonse wa nyumba. Posakhalitsa amayi a kutchalitchi anafika ndi mabuku a nyimbo, amuna anabweretsa mabenchi, wina anakwera njinga kukauza ansembe. Kuseri mpunga unali utatherekedwa kale.

Nyimbo ili pakati, munthu wina analowa pampanda, nkhuku ili kukhwapa. Anaima kumbuyo kwa mabenchi, navula chipewa, nagwira mkulu wa mpingo paphewa.

"Pepani bambo, wamwalira ndani? Ababa anga ali kuti?"

Mkuluyo atacheuka anagwa ndi benchi lomwe.

Anali Barnaba, wonenepa kuposa mmene anachokera. Anatsika lole ku Nkope kukaona mtsikana wina, n'kutuma dalaivala kuti asiye katundu kunyumba. Nkhukuyo anamupatsa ndi amake a mtsikanayo. Abiti Saidi anamukwapula ndi mpango kumsana, uku akuthokoza Mulungu kuti Alihamudulilahi, uku akumutukwana m'Chiyao. Ine ndinali chikhalire pansi paja. Barnaba anabwera nagwada, ndipo ndinamupapasa pachifuwa monga ndimachitira pofufuza mng'alu pa sitima. Panalibe ngakhale chipsera.

"Nanga mabowowa?" ndinamufunsa.

"Ababa, amenewo ndi a sajeni athu."

Anafotokoza anthu onse akumva. Atangofika kumsasa, sajeni wawo anamuona akuyenda chowerama ngati nkhalamba, namuvula chitsulocho, nachikoleka pamtengo. Anayamba kuchiwombera ndi mfuti yaing'ono ya m'chiuno. Chipolopolo chake n'chachifupi, chobuntha kumutu, ndipo chinangophwatalala n'kugwa pansi. Barnaba akuti anatukumula chifuwa, kuuza anzake kuti aone ntchito ya bambo ake. Kenako sajeniyo anatenga mfuti imene analanda kwa zigawenga, ya AK. Chipolopolo chinadutsa ngati pa chikopa cha ng'oma. Pomaliza anatenga mfuti yaitali ya asilikali athu. Barnaba akuti zipolopolo za mfuti ziwirizi n'zofanana kunenepa, zonse amazitchula 7.62, koma cha kwathu chili ndi wonga wambiri kumbuyo kwake. Chimenecho chinaboola chitsulo n'kukabisala mkati mwa mtengo.

Akuti ngakhale majekete enieni oteteza, amene anawaona kwa akatswiri okonza njanji, ambiri amangoletsa tizitsulo ta bomba ndi zipolopolo za mfuti zing'onozing'ono. Kuti uletse chipolopolo chosongoka cha mfuti yaikulu pamafunika chitsulo china, choumitsidwa mwapadera. Apo ndinamvetsa. Chitsulo cha sitima amachipanga chofewa dala, kuti chikagunda mwala chipindike, chisasweke. Zimenezi ndakhala ndikuzidziwa moyo wanga wonse, koma tsiku limene ndinkachidula sindinafune kuziganiza.

Anthu anafunsa chifukwa chake anasungabe chitsulo chopanda ntchito.

"Chopanda ntchito? Msasa wonse umakazingirapo chimanga ndi mtedza. Mabowowo amakoka moto bwino. Anzanga andiuza kuti ndikabwerere nacho, apo ayi ndisabwere."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Madontho aja anali dzimbiri chabe. Ndikanayang'ana modekha, ndikanaona kuti nsaluyo ilibe bowo. Inu munkati ndikapanikizika ndiziyamba ndamwa madzi ndisanatsegule kanthu, ndipo ndavomera kuti munkanena zoona.

Ansembe anafika ndi buku la maliro, n'kupeza tikudya. Anangotsegula tsamba lina, tinapemphera zothokoza. Nkhuku ya ku Nkope inathera mu mpunga womwewo.

Anthu atabalalika tinatsala awiri pakhonde. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandilembere kuti chitsulocho n'chachabe.

"Amayi akudwala chonchija, ndikanalemba kuti chiyani?" Kenako anati, "Thumba lokhalo ndimavala, mkati mwa malaya. Silinachokepo pathupi mpaka tsiku lonyamuka kubwera kuno."

Esitere, wamva zimenezo?

M'mawa mwake tinapita kumanda a amayi ake, tinalambula, iye analankhula nawo yekha ine nditaima patali. Pobwerera ndinamuuza kuti tchuthi chisanathe ndimudulira china chokhuthala kawiri, poti akubwerera kunjanji komweko. Anaima panjira.

"Ababa, chimenecho ndiye chingandiphe, chifukwa sindingathe kuthawa. Ngati manja akuyabwa, ndiwotcherereni bedi. Mtsikana uja dzina lake ndi Mariya, ndipo amalume ake akudikira ankhoswe athu."

Ndinafuna kumuuza kuti ayambe wabwerako. Koma ndinangomuvomera. Palibe chimene ndingadule kapena kuwotcherera choti n'kuima pakati pa mwana wanga ndi mfuti ija, ndipo ndaleka kuyesa. Dzulo ndakagula mapaipi ndi utoto wabuluu. Ndayeza kale m'chipinda chakum'mawa, bedilo likwana bwinobwino, ndipo patsala malo a kabedi kena kakang'ono pambali.

Mumuyang'anire, Amayi, inu ndi Esitere, mmene mungathere kumeneko. Ine ndikulonjeza kuti bedilo lidzakhala litauma utoto tsiku limene adzatsike lole, ndipo tsikulo ndidzakamudikira pamsewu ndekha.

Ndimakukondani nonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Filipo