Valavu Yachiwiri

Lolemba, 3 Juni 2024
Ndabwerako ku Lilongwe. Valavu ya mumtima ija yatha. Zaka khumi ndi chimodzi basi. Ku India nthawi ija anandiuza kuti yachitsulo imakhalitsa, koma mankhwala ake sagwirizana ndi pathupi. Ndinasankha ya nyama ya ng'ombe poti ine ndi Edson tinkafuna mwana. Mwana sanabwere. Edson ali ku Joni ndi mkazi wina.

Lachinayi, 6 Juni
Chisanu. Kuchoka pakhomo kukafika pamjigo ndapuma kanayi. Ndowa ndaisiya konko. Kusukulu ndikuphunzitsa chokhala.

Loweruka, 8 Juni
Ndayang'ananso pepala lomwe adokotala anajambula. Opaleshoni idzachitikanso ku India konko. Yatsopanoyo adzailowetsa m'kati mwa yakale, kudzera mumtsempha wa pantchafu. Vuto: pambali pomwepo pali makomo a timitsempha tiwiri todyetsa mtima. Yakaleyo ikakankhidwa ikhoza kuwatseka, ndiye kuti zathera pomwepo. Akuti adzayamba aing'amba pang'ono kuti magazi azidutsa. Anati, "Tisiyenso njira, mayi, kuti tidzathe kufikako mukadzatifuna pakatha zaka khumi." Zaka khumi! Ndinalira m'minibasi kuyambira pa Dedza.

Lachitatu, 19 Juni
Fomu. Pamzere wa wondiperekeza palibe dzina. Achimwene a Julius akuti mbatata sangaisiye m'munda. Ndaimbira Edson, wayankha mkaziyo. Ndadula.

Lamulungu, 23 Juni
Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera. Mawu onse chapansipansi, ngati ndagona kale m'bokosi. Potuluka mmodzi anafunsa ngati makina osokera ndikuwafunabe.

Lachisanu, 28 Juni
Ndasaina ndekha. Nkhuku ndapereka kwa aneba. Miyendo yatupa, nsapato sizikulowa.

Lachiwiri, 2 Julayi
Ndikulemba m'minibasi. Pasiteji pa Mlangeni m'mawa ndinali ndekha ndi chikwama. Kenako apongozi, mayi ake a Edson, zaka zinayi osaonana. Wapansi kuchokera kumudzi, bulangeti pamutu, mapazi ali mbuu. Anati, "Anakusiyani ndi Edson, ine ayi. Pasipoti ndilibe, koma pabwalo la ndege ndikafika." Tinakwera limodzi.

Akhala pambali panga, chikwama changa pamiyendo pawo. Akufunsa kuti timitsempha timeneto tili mbali iti. Ndagwira dzanja lawo, ndaliika pomwepo.