Fosholo ya Bambo Ili pa Khoma

Oudeveen,
21 Novembala 1574.

Okondedwa achimwene Wouter,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo kumabwato kwanuko. Tinamva kuti mumzinda wa Leiden anakulandirani ndi mabelu, anthu akulira poona buledi amene munawabweretsera njala itatsala pang'ono kuwamaliza. Ndinakondwa, sindikunama ayi. Asilikali a mfumu ya ku Spaniya, amene anazinga mzindawo, anathawa madzi ngati makoswe, ngakhale kuti anayamba atidyera ng'ombe zonse. Koma madzi amchere amene anawathamangitsawo sanapite nawo. Akadali m'munda mwathu, ndipo ndi olekeza m'chiuno.

Anzanu oukira mfumu aja atagumula khoma lotchinga madzi kuti mabwato adutse, anagumula pachigawo chathu. Tsopano nkhondo yasunthira kwina, ndipo akuti aliyense atseke pake chisanu chisanafike. Ndinapita kwa a Reyer, mkulu woyang'anira makoma, kukadandaula kuti sitinagumule ndife.

"Mwanawe, madzi safunsa kuti wagumula ndani," anatero. "Chigawocho n'cha bambo ako. Wolephera khoma asiye munda. Lamulo limeneli unabadwa n'kulipeza."

Ndayesetsa, achimwene. Ndasenza dothi m'dengu mpaka khosi kuuma, koma kukacha ndimapeza madzi anyambita lonse. Bambo miyendo inatupa chifukwa choima m'madzi, moti sadzuka. Tikukhala m'kachipinda ka kudenga pamodzi ndi nkhuku.

Mwambo mukuudziwa: wolephera amazika fosholo yake pakhoma, ndipo amene waizula ndiye watenga munda ndi khoma lomwe. Nditangoutchula, bambo anandigenda ndi nsapato yamtengo.

"Fosholo yanga? Ndiyambe ndafa! Agogo ako mundawu anachita kuulanda kwa madzi ndi manja awo, ndiye iwe ukufuna kungoupereka ngati dzira?"

Koma a Reyer anabweranso. Akuti madzi odutsa pathu akuononga minda ya anzathu, ndiye tikapanda kutseka kapena kusiya, bambo akawatsekera m'ndende. Munthu woti sangathe n'kuima komwe! Mutu unandiima. Lolemba ndinatenga fosholoyo n'kukaizika ndekha. Bambo sakudziwa. Ndinawanamiza kuti ndinabwereketsa.

A Floris, aneba athu, ali ndi anyamata amphamvu ngati akavalo, ndipo mundawu akhala akuumezera mate kuyambira kale. M'mawa uliwonse amapalasa bwato kukaizonda fosholoyo ngati akufunsira mbeta.

"Aleid, ikuchita dzimbiritu iyi," anandiuza dzulo. "Ndingoigwirako pang'ono?"

"Igwireni muone. Achimwene akubwera."

"Achimwene ako ati? Aja oimba masalimo pabwato? Ufulu wawowo uuphike, mwana iwe, mchere wadzadza kale m'mundamu."

 Kuwada sindingathe, chifukwa nawonso kabichi wawo yense ali pansi pa madzi.

Chomwe tikudalira n'chimodzi chokha. A Reyer akuti wachibale ndiye woyamba kuzula, mpaka bwalo la makoma likhale pa 6 Disembala, tsiku la Nikolasi Woyera. Likangodutsa tsikulo, a Floris azula, ndipo ine ndi bambo tikapemphetsa pakhomo la tchalitchi. Wachibale wa manja olimba amene watsala ndinu nokha. Bwerani ndi anzanu angapo. Ogumula aja kutseka sikungawakanike. Ndikuchita mantha, achimwene. Ndikugwada.

Pali china chimene ndakhala ndikuchizungulira m'kalata yonseyi. Bambo saleka kunena kuti amene anatsogolera ogumulawo anali wodziwa. "Anasankha pofewa penipeni, paja panafukula mfuko chaka chatha. Mlendo akanadziwa bwanji? Yudasi ameneyo ndikadzangomudziwa!" Ine ndimangoweramira mphika. Koma tsiku limenelo ndinali pawindo la kudenga. Ndinaona munthu ataima kutsogolo kwa bwato loyamba, akuloza ndi dzanja. Nkhope sindinaione, koma chipewa chofiiracho ndinaluka ndine.

Sindikukuweruzani. Pena pake panayenera kugumulidwa, ndipo ndikukudziwani: simukanatha kuloza pa mwini mukudziwa pofewa kwanu. Ana a ku Leiden ali moyo lero. Sindinauze munthu aliyense, ndipo sindidzauza, mubwere kapena musabwere.

Mupereke moni kwa anzanu onse. Azakhali a ku Gouda akupereka moni, akuti bedi ali nalo limodzi lokha, moti sangatilandire. Bambo akupereka moni wambiri. Akuti muzivala bwino m'khosi, mphepo ya panyanja ndi yoipa. Akutinso mukabwera mudzawathandize kufufuza Yudasi uja, komanso mudzakawatengere fosholo yawo kumene ndinabwereketsa, chifukwa ine ndine wamanyazi pokaitanitsa zinthu.

Wokulozerani malo simudzamufuna. Ili pomwe munaloza paja.

Ndine mlongo wanu amene akuyang'ana kumadzi,
Aleid.