Kabowo ka Pampu ya Amai Zulu

Lachinayi, Okutobala. Dzuwa laswa mtengo, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Lero ndinapita ku Chipangali pa njinga yamoto kukasintha simu m'pampu ya sola ya amai Zulu, yothirira dimba lawo. Ntchito yanga ndi imeneyi zaka zonsezi: netiweki ikavuta, ndimatsegula ndi kasingano, kuchotsa simu, kuikamo ya kampani ina.

Koma pampu iyi ndi yatsopano. Ndinafunafuna polowetsera simu, osapaona. Nditaona kabowo kunsi kwake, ndinabaya. Pampu inazima, madzi n'kuleka.

"Bambo Tembo, mwandiphera tomato!" anakuwa amai Zulu.

Ndinaimba foni ku ofesi ku Lusaka. Mayi wa pakompyuta amene anayankha anaseka. Akuti kabowoko n'kofufutira zonse, ndipo simu ya masiku ano ndi yomatirira mkati, amaisintha okha ali pampando. Posakhalitsa madzi anayambanso kutuluka, ine ndisanakhudze kanthu. Kenako anandifunsa mwaulemu: "Nanga inu mukutani kumeneko, bambo? Sanakuuzeni kuti ntchito yoyenda kukasintha simu inatha?"

Sanandiuze. Bwana wanga sakuyankha foni.

Nditafika kunyumba kuno ku Nabvutika, mkazi wanga, amake Chisomo, anandilandira chipewa n'kufunsa ngati mawa ndikupitanso kumidzi. Ndinati inde. Taonani, munthu wamkulu kunamiza mkazi wake chifukwa cha kabowo!

Kasingano kaja kakadali m'thumba. Mawa ndidzuka, ndivala ovolosi, ndiliza njinga kuti amve kuti ndapita kuntchito. Ndikafika pamsewu waukulu, kaya ndikhotera kuti...